Mipira Isanu ya a Kalebe pa Kapinga wa a Bestone

Si zoona kuti a Kalebe Shaba amaweta chinthu m'dzenje la pabwalo pawo. Ndikudziwa kuti mwamva: ati anabwera nacho kuchokera ku Joni m'sokosi, ati amachidyetsa mazira oyera m'mawa uliwonse, ati akazi awo amachizirira pokhala ndi ndowe. Ena afika ponena kuti chimayankhula Chizulu. Amene anayambitsa nkhaniyi kuchigayo ndikumudziwa, koma dzina ndimusungira chifukwa amaimba kwaya. Dzenje lilipodi, sokosi iliponso, koma mazirawo mukadzawaphika mudzathyola mano. Ndi mipira ya gofu. Ife ndi a Shaba mpanda ndi umodzi, waudzu, woonekera bwino, ndiye zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu.

A Kalebe kwawo ndi cha ku Edingeni. Anakula akuweta ng'ombe za bambo awo, sukulu anaitsanzika ali Sitandade 6, n'kukwatira a Kezia, amene kuno timati a NyaMoyo. Mwana wawo Temwa atangoyamba kukwawa, iwo anakwera basi ya ku Joni monga amachitira amuna a ku Mzimba kuno. Anati akakhala zaka ziwiri. Zinakwana khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Kumeneko anapeza ntchito pabwalo la gofu. Kwa inu osadziwa, gofu ndi masewero a anthu okhuta: umamenya kampira ndi ndodo yachitsulo, n'kukalondola wekha, n'kukamenyanso, mpaka kalowe m'kadzenje kamene kali ndi mbendera. Kadzenjeko kamakhala pakati pa kapinga wometedwa mpala, amene amati gilini. A Kalebe anayamba ndi kusalaza mchenga, kenako anakwezedwa kukhala wonyamulira mabwana thumba la ndodo. Lolemba bwalo likatsekedwa, antchito amawalola kusewera, koma pafupi ndi gilini pokha, kuopa angaswe mawindo. Ndiye mwa gofu yense, a Kalebe amadziwa chinthu chimodzi: kumenya mpira wapafupi kuti uime pamene iwo akufuna.

Mapepala awo atatha anabwerera. Anzawo a ku Joni amabwera ndi mafiriji, mawailesi aakulu ngati bokosi la maliro, ena galimoto. A Kalebe anatsika pa Boma ndi chikwama chimodzi, ndodo imodzi yopendekera kumutu ngati supuni, ndi mipira khumi ndi umodzi m'sokosi. Chabwino n'chakuti kanyumba ka zipinda zitatu kuseri kwa msika anali atamanga kale. Zaka zitatu anayesa zonse. Tomato anapsa ndi chiwawu. Kabaza mawondo anakana, munthu wa zaka makumi asanu ndi zitatu kukwera naye mtunda mayi wonenepa ndi thumba la chimanga si masewera. Mnzawo wa ku Joni atayimba kuti malo awo akale akadalipo, a Kalebe anakalembetsa dzina kwa wa thiransipoti. Basi inali yonyamuka Loweruka lomaliza la Juni.

Tsiku limene anaulula, ine ndinali kuseri kwa mpanda, ndikuyanika zovala zimene zinali zitauma kale.

"Awiske Temwa," anatero a NyaMoyo, kuitana bambo a Temwa m'chinenero cha kuno, "mwana munamusiya akukwawa, munadzamupeza ali ndi wake wokwawa. Ulendo uno mukufuna mudzapeze chiyani? Manda anga?"

"Zaka ziwiri zokha, anyina Temwa."

"Ziwiri zanuzo ndikuzidziwa, ndinaziwerenga kale. Mukakwera basi imeneyo, mbwenu ine ndikubwerera kwa abale anga, ndipo sindidzabweranso. Kiyi mudzamupeza kwa aneba."

A NyaMoyo si munthu wobwereza mawu. Atanena, anakatsitsa sutikesi yawo pamwamba pa kabati, n'kuiika pakhomo pafupi ndi chikwama cha amuna awo.

Sabata yomweyo ndi pamene panamveka za a Bestone Kamanga. Awa ndi Achewa a ku Dowa amene anabwera ku Viphya kudzacheka matabwa ali ndi sowo yobwereka, lero ali ndi malole anayi ndi mimba yoyenerana nawo. Anamanga malo ogona alendo pakati pa mapaini cha ku Luwawa, ndipo atapita ku Lilongwe n'kuona anzawo akusewera gofu, anabwera n'kukumbitsa maenje atatu. Tsopano amafuna munthu mmodzi wophunzitsa alendo. Anati ofuna ntchito abwere adzayesedwe Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti basi ya ku Joni inyamuke.

A Kalebe anali ndi masabata atatu okonzekera. Anakumba pabwalo n'kukwirira chitini cha mkaka, pambali pake n'kuzika nsungwi ya kansanza kofiira. A NyaMoyo anafunsa kuti giliniyo amakhala bwanji.

"Wosalala, anyina Temwa. Ngati pansi pa nyumba yozira kumene."

Mawu amenewo ndiwo anavulaza munthu. Mayi wa ku Edingeni ukamuuza zozira wamuuza za kwawo. M'mawa mwake a NyaMoyo anabwera ndi dothi la pachulu ndi ndowe za kukhola la ogulitsa nyama, anaponda, anazira bwalo lozungulira chitini chija, n'kulikulungiza ndi mwala wa kumtsinje mpaka linayamba kunyezimira. Tsiku lililonse amasesa, pakang'ambika amamata. Nkhuku ikadutsapo imaterereka. Apa ndi pamene odutsa pamsewu anayamba kusuzumira n'kumagwedeza mitu.

Kamenyedwe ka a Kalebe ndinakaloweza, moti nditafuna ndingaphunzitse. Dzenje saliyang'ana ayi. Amaika chivindikiro cha ndowa pamene akufuna kuti mpira ugwere, ndipo maso amakhala pamenepo. Mphamvu sasintha. Chimene amasintha ndi pamene ndodo ikukathera akaibweza kumbuyo. Ikafika pabondo, mpira umauluka mapazi asanu. Ikafika m'chiuno, khumi ndi awiri. Ikafika pachifuwa, makumi awiri. Kotsalako mpira umayenda wokha pansi. Pabwalo la a NyaMoyo, ataima mapazi khumi ndi asanu kuchokera pachitini, amabweza ndodo mpaka pabondo: asanu m'mwamba, khumi pansi, mpira n'kukagona pakamwa pa chitini ngati mwana womvera. Sabata yachitatu, pa mipira khumi ndi umodzi, isanu ndi inayi imafika.

Koma munthuyo sanali kudya. Amadzuka tambala asanatsike, amawerenga mapazi, amabwerera, amawerenganso, ngati bwalo lafupika usiku. Mpira umodzi ukapitirira, amaima n'kumayang'ana manja awo kwa nthawi yaitali.

"Akunjenjemera?" a Kalebe amawafunsa akazi awo.

"Ndi chisanu cha Juni, adada. Imwani tiyi."

Lachinayi a Kalebe, a NyaMoyo ndi ine tinakwera lole ya matabwa yopita yopanda katundu. Ndinapita nawo chifukwa nkhani ngati iyi imafunika mboni. Titayamba kukwera phiri, nkhungu inatseka msewu, mapaini akudontha madzi ngati kwagwa mvula pamene isanagwe. A Kalebe anakhala pakona atakumbatira ndodo yawo.

Titafika anatitengera kudzenje loyamba. Ndinaona mbendera, ndinaona udzu, ndinati zili bwino. Kenako ndinaona nkhope ya a Kalebe. Gilini wa a Bestone anali kapinga wamba wotchetchedwa ndi chikwakwa, wokhuthala ngati matiresi, wonyowa moti nsapato zimalira. A Kalebe anayembekeza mpala wa ku Joni, wothamanga ngati bwalo lozira. A NyaMoyo sanaone vuto. Anandinong'oneza kuti, "Koma malo athu aja ndi osalala kuposa awa," akunyadira.

Ofuna ntchito anali awiri okha. Winayo anali Honest Gondwe wa ku Mzuzu, bambo wa zaka makumi atatu ndi zingapo, nsapato zoyera, gulovu dzanja limodzi ngati linalo analibe nalo ntchito, thumba lodzaza ndodo khumi ndi zinayi. Anayang'ana supuni ya a Kalebe n'kumwetulira.

"Monire adada. Ndodo zinazo mwaiwala mu lole?"

"Yewo. Ndi yomweyi."

"Aa, ine ndimayesa ndi yopalira moto."

Ocheka matabwa amene anasonkhana kudzaonerera anaseka. A Kalebe anasekako nawo, koma kuseka kwa mano okha.

A Bestone anabwera atavala jekete lachikopa. Analamula kuti ayale chingwe mozungulira dzenje, kutalika ndodo ziwiri mbali zonse, kenako anawerenga mapazi khumi ndi asanu n'kujambula mzere ndi chidendene.

"Aliyense mipira isanu. Wolowetsa yambiri m'chingwemu, ntchito ndi yake. Ine sindikonda zoyankhula zambiri."

Khumi ndi asanu! A NyaMoyo ananditsina pamkono mpaka ndinatsala pang'ono kukuwa. Mtunda wake womwe uja wa kunyumba.

Anayamba ndi Honest. Zoona tinene, amatha. Mpira amauponya m'mwamba kwambiri, n'kugwa pafupi ndi mbendera, thi! Woyamba unalowa, wachiwiri unapitirira, wachitatu unalowa, wachinayi unaperewera, wachisanu unalowa. Itatu. Anavula gulovu chala chimodzichimodzi akuyang'ana kumapiri.

A Kalebe anaima pamzere. Anapukuta manja pathalauza kawiri. Ndikhulupirira mutu umadziwa kuti udzu uwu ndi wina, koma manja anali ataphunzira masabata atatu pa ndowe za a NyaMoyo, ndipo manja samva zouzidwa tsiku lomwelo. Ndodo inabwerera mpaka pabondo. Mpira unauluka mapazi asanu ndendende, malo amene chivindikiro chikanakhala, unayenda awiri, n'kukhala pansi. Unatsala mapazi asanu ndi atatu.

"Watopa!" anakuwa wocheka matabwa wina. "Upatseni phala!"

Wachiwiri a Kalebe anachita chimene amati munthu asamachite: anawonjezera mphamvu. Ndodo inamenya mpira pamimba, unathamanga chokwawa ngati khoswe, unadutsa mbendera, unadutsa pakati pa miyendo ya wophika amene anatuluka ndi thireyi ya tiyi, n'kukalowa m'mapaini. Wophikayo analumpha, makapu analira, anthu anagwa ndi phwete.

A Kalebe anapukutanso manja pathalauza. Wachitatu ndodo inakumba pansi mpira isanaufike. Dothi linauluka patali kuposa mpira.

Ndinaona a NyaMoyo akuwerenga zala pansi pa chitenje. Yatsala iwiri, mnzawo ali ndi itatu. Ngakhale ine wa sukulu yoperewera ndinaipeza samuyo. Anatembenuka n'kuyang'ana kumene kunaima lole, milomo ikuyenda, kaya amapemphera kaya amatukwana, sindinamve. Honest anali atayamba kale kutseka zipi ya thumba lake.

"Madala, malizitsani," anatero a Bestone. "Tiyi akuzizira, amene watsalayo."

A Kalebe anaika ndodo pansi. Anakhala paudzu wonyowawo n'kuvula nsapato ndi masokosi. Anthu anasiya kuseka, chifukwa munthu wamkulu akavula nsapato pagulu sudziwa chimene chikubwera. Anayenda osavala kuchokera pamzere mpaka padzenje, pang'onopang'ono, akupondereza zala ngati munthu wofufuza njira m'dambo. Atafika pamene panaima mpira woyamba anawerama n'kusisita udzu ndi chikhatho, kupita uku, kubwerera uku. Kenako anavula chipewa n'kuchiika pansi mapazi atatu dzenje lisanafike, kunja pang'ono kwa chingwe, n'kubwerera pamzere ndi dazi lawo pamtunda.

Ndodo inabwerera mpaka m'chiuno. Osathamanga, osakankha. Mpira unakwera, unagwa chala chimodzi kumbali kwa chipewa, unayenda mapazi awiri, n'kuima m'kati mwa chingwe, phazi limodzi kuchokera padzenje.

Palibe anawomba m'manja. Tonse timadziwa kuti wabwera mochedwa.

Wachisanu anamenya chimodzimodzi, koma uwu unachita kunyanya kumvera. Unagwera m'chipewa mwenimwenimo, phu, n'kukhala momwemo. Kunja kwa chingwe. Itatu kwa umodzi.

A Kalebe anatola nsapato zawo. A NyaMoyo anali atayamba kale kuyenda kupita kulole, msana uli chilili. Koma a Bestone anaima pachipewa paja akuchiyang'ana, manja m'thumba.

"Madala, chipewachi n'chachiyani?"

"Ndi pogwera, bwana."

"Nanga dzenje si ilo?"

"Dzenje ndi la mpira, bwana, ukafika wokha. Langa ndi pogwera basi."

A Bestone anakanda chibwano. Kenako anaulula, pamaso pa antchito awo omwe, kuti miyezi isanu ndi umodzi chikumbitsire maenjewa, iwo sanaimitsepo mpira pafupi ndi mbendera ngakhale kamodzi. Anaitana Honest kuti, poti wapambana, ayambe pomwepo kuwaphunzitsa.

Honest anawapatsa ndodo yonyezimira. "Mungomenya bwino, bwana. Osati kwambiri, osatinso pang'ono."

"Bwinoyo ndi wotani?"

"Mumangomva m'thupi."

A Bestone anamva m'thupi, ndipo thupi lawo mwaliona. Mpira unakagwa padenga la khitchini. Wachiwiri unayenda mapazi awiri.

"Mwina sizinakulowenibe, bwana," anatero Honest. "Enafe n'chibadwa."

A Bestone anamubwezera Honest ndodo yake. Anakodola a Kalebe, amene anali atavala nsapato imodzi. A Kalebe anabwera akutsimphina, anawapatsa supuni ija, anawagwira m'mapewa n'kuwatembenuza ngati akuimika ng'ombe pagoli.

"Mbendera muiiwale, bwana, si m'bale wanu. Yang'anani chipewa. Ndodo ibwerere mpaka pa lamba. Mwapitirira, apo ndi pachifuwa, mukapha wophika. Tsitsani. Apo. Mphamvu musawonjezere, ingoisiyani igwe yokha."

Woyamba unaperewera. A Kalebe anati, "Mwaima pathumba la thalauza, lamba simunafike." Wachiwiri unagwa kumbuyo kwa chipewa, unadumpha kamodzi, n'kulowa m'chingwe. A Bestone anaima kukamwa kuli yasa ngati awauza kuti lole yawo yabereka.

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. A Kalebe ayi.

"Komanso bwana, ndinene. Apa si gilini. Ndi msipu. Ng'ombe za kwathu zingakuthokozeni chomene. Udzuwu umafuna kumetedwa ndi makina, kuthiridwa mchenga, ndi ngalande yochotsa madzi. Mukakonza, mpira uzithamanga, ndiye chipewa chizibwerera kumbuyo. Tsiku lililonse muziyamba mwaponda kaye, muone ngati pansi pakuthamanga kapena pakugwira. Ine lero ndinayamba kumenya ndisanaponde. N'chimene chandipha."

A NyaMoyo, amene anali atabwerera, anagwira pamutu. Kumuuza mwini malole anayi kuti walima msipu! Nkhope ya a Bestone inatseka ngati sitolo ya Lamulungu. Anabweza ndodoyo n'kunena kuti, "Nonse awiri mudzamva pa foni," n'kulowa m'nyumba.

Pobwerera tinakhala pamwamba pa matabwa. Mpaka pa Boma a NyaMoyo anayankhula kamodzi kokha.

"Msipu. Zaka zonsezi mumangokhala duu ngati chitsa, lero ndiye mwapeza pakamwa."

Lachisanu foni inaikidwa pampando pakati pa bwalo, pamene netiweki imagwira. A Kalebe anakhala uku, a NyaMoyo uko, akupinda zitenje zawo n'kumaika musutikesi chimodzichimodzi kuti amuna awo aziona. Inalira cha m'ma teni: anali Temwa, akufunsa ngati kwamveka kanthu. Inaliranso masana: wa thiransipoti, akuti katundu afike madzulo akamangidwe pangolo ya basi. A Kalebe anasita malaya awo a paulendo. Anatenga ndodo ija n'kuiika pachikwama, anaichotsa, anaiikanso. Ine ntchito zanga zonse zinaima, nyemba zinapserera pamoto.

Dzuwa litapendeka, a Kalebe ananyamula chikwama paphewa. Anafika pageti. A NyaMoyo sanadzuke, sanawayang'ane. Ndi pamene inalira kachitatu, ndipo anaitola ndi mayiwo, chifukwa bambowo anali ndi chikwama paphewa.

Mawu a a Bestone amamveka mpaka kuseri kwa mpanda, sayankhula motsitsa. Anati Honest alibe naye mlandu, kumenya amatha, koma alendo sadzabwera kudzaonerera Honest. Anati lero lonse akhala ali pamsipu pawo ndi chipewa, ndipo alowetsa inayi. Anati madalawo afike Lolemba ndi supuni yawo, anene makina ometera udzu amagulidwa kuti.

"Yewo chomene, bwana," anatero a NyaMoyo atagwada pafumbi, ngati a Bestone akuwaona. Atatseka foni anayang'ana amuna awo amene anali chiimire pageti. "Nanga mwaima pamenepo ngati mlendo bwanji? Tulani chikwamacho, mukupinda malaya."

Honest ndiye anafika pamsika Loweruka akudikira minibasi ya ku Mzuzu, n'kumauza aliyense kuti munthu wogonja itatu kwa umodzi sangatenge ntchito popanda kanthu kena, ndipo wa kwaya uja anali pomwepo akugula anyezi.

Zoona zake n'zakuti a Kalebe anagonja pa mipira koma ntchito inapita kwa iwo chifukwa anadziwa chimene chinawagonjetsa n'kutha kuchifotokozera munthu wina, ndipo basi ya Loweruka inapita ku Joni pampando pawo pali thumba la ufa la eni ake.